Katoni pa Benchi

Wiebe Hoornweg anaipeza katoniyo pa benchi, pamalo pomwe ankakhala masiku onse. Inali ya nthochi, yopanda kanthu, ndipo wina anali atalembapo dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu.

"N'njonyamulira katundu wanu, madala," anatero Floris, kaputeni wa timu, uku akumanga nsapato. "Musadzavutike ndi majumbo pochoka Loweruka."

Anyamata anaseka atazolika.

Aliyense wokonda besibo, masewera omenya mpira ndi ndodo n'kuthamanga kuzungulira ngodya za bwalo, mu Rotterdam anali atamva kale kuti timuyi yatenga wosewera wam'kati mwa bwalo kuchokera ku Curaçao, mnyamata wanthete. Koma timu inali yodzaza. Wina akalowa, wina atuluke. Ndipo wotulukayo sankafunika kuombeza. Anyamata a pachilumba chimenecho amachita ngati anabadwira pampata wa pakati pa ngodya yachiwiri ndi yachitatu, ndipo pampata umenewo pankaima Wiebe, imvi zitayamba, mawondo akulira ngati chitseko chadzimbiri.

Unyamata wake anaumwaza ku America, m'timatimu topanda dzina, kugona m'mabasi. Pobwerako anapeza bwalo ndi lomwe lija, koma anthu ndi ena. Kanyumba kamatabwa komwe amayi ake ankakazingiramo mbatata anali atakagwetsa. Pamalopo panali nyumba yamagalasi yogulitsa vinyo. Zithunzi za akale anazichotsa pakhoma kuti apachikepo chikwangwani cha kampani ya matayala ya bambo ake a Floris. Floris mwini wakeyo, wamtali ngati mtengo wamagetsi, ankaima pa ngodya yoyamba, pomwe munthu amangotambasula mkono n'kudikira mpira. Ndiye amene anawavutitsa akuluakulu a timu nyengo yonse yozizira: "M'kati muno mukufunika miyendo yanthete." Zoti akubwerayo ndi wotani sanafunse. Anasiyira a kochi.

Wiebe anatenga golovesi yake n'kupita pampata pake. Kunkawaza kamvula, dothi lofiira lija likumata kunsapato.

Malo amenewa sanawatole panjira. Iye anabadwa wamanzere. Tsiku lomwe anauza bambo ake kuti akufuna kuima pampata, iwo anavula lamba n'kumumanga dzanja lamanzere kumsana.

"Wamanzere m'kati mwa bwalo alibe poima, kupatula pa ngodya yoyamba," anatero bambowo. "Kwina konseko, akatola mpira amayenera kutembenuka thupi lonse asanaponye, ndiye wothamanga amakhala atafika kalekale. Ukufuna mpata? Phunzitsa lamanjali."

Anaphunzitsadi, akulira, pabwalo lomweli. Mpaka pano khofi amamwa ndi manzere, koma mpira amaponya ndi manja. Ndiye lero kamwana ka wogulitsa matayala kamubweretsere katoni ya nthochi?

"A kochi, menyani!" anakuwa. "Osandinyengerera ngati mukudyetsa bakha!"

Kochiyo, a Van Ommeren, anamenya mpira ndi ndodo. Mpira unadza ukukwawa ngati njoka. Wiebe anadziponya m'matope, n'kuutola, n'kuuthira kwa Floris ngati mwala walegeni. Floris anaugwetsa.

"Ponyani bwino, madala!"

"Gwira bwino, mwana iwe. Kapena ndizikutumizira papositi?"

Wachiwiri Floris anagwira, n'kumakupiza dzanja ngati wagwira mbaula. Wachitatu unamudutsa pakati pamiyendo. A kochi anangokanda chibwano n'kumenya wina.

Floris mkwiyo unamukwera. Anapita ku benchi, n'kutenga katoni ija, n'kudzaiika pambali pa ngodya yake.

"Iyi ikhale apa kuti muziiona bwino."

Nthawi yomweyo chipata chinatseguka. Kunalowa mnyamata atavala chijasi chomupitirira, chikwama papheya, akunjenjemera ndi kuzizira kwa kuno. Masewera anaima.

"Uyu ndi Dudley Pieternella," anatero a kochi.

Floris anathamanga kukamuchingamira, mano onse pamtetete. Anamugwira paphewa n'kumulozera pomwe panaima Wiebe.

"Kwanu n'komweko, mphwanga. Agogowo akuchoka posachedwa, akungotsanzika dothi."

Wiebe anazika nsapato zake m'matope mpaka misomali yonse inalowa. Mawondo ankawawa, koma anaima chilili.

"Mnyamata, ulibe mlandu ndi ine," anatero mokweza, kuti ngakhale omwa vinyo kuseri kwa magalasi amve. "Koma malo ano ndinalipira ndi dzanja. Pano sindichoka. Amene akuwafuna abwere ndi thirakitala."

Dudley anamuyang'ana, kenako anayang'ana a kochi, ngati munthu amene wamulonjera m'chiyankhulo chachilendo. A kochi anangoti, "Vala, tikuone."

Mnyamata anavula chijasi n'kugwada pachikwama chake. Floris anapinda manja pachifuwa, phazi limodzi ataliika pa katoni.

Dudley anatulutsa golovesi n'kuivala kudzanja lamanja. Mpira anautola ndi lamanzere: mnyamatayo anali wamanzere, woyenera ngodya yoyamba basi.

Wiebe anaseka mpaka misozi inasakanikirana ndi mvula.

"Kaputeni," anaitana, "katoni ili kale pamalo ake. Ungofufuta dzinalo."