Makina a Manambala Akuluakulu

Amake Mlembi ankasita kolala ya bulauzi yoyera pamene mkazi wa telala analowa osaodira. Kuphazi anali atavala patapata wosiyana mitundu.

Anafotokoza ali chiimire. Amuna ake anagwa m'mawa ali pa makina osokera, ndipo tsopano anali m'chipatala, pakamwa patapotoka. Milungu iwiri yathunthu makina awo oyezera kuthamanga kwa magazi ankawauza kuti zili bwino, mpaka bamboyo analeka kumwa mankhwala. Namwino atawayeza ndi makina akuchipatala anangopukusa mutu.

"Tinagula chifukwa cha mwana wanu, amayi," anatero mkaziyo. "Analemba ngati padziko lonse pali makina amodzi okhawo. Akanatchulako enawo, tikanasankha tokha."

Anawaonetsa foni. Linali tsamba la pa intaneti lomwe mwana wawo wamkazi ankalembako za zipangizo zatsopano, ntchito imene inamupatsa dzina loti Mlembi mumsewu monse. Pamwamba panali chithunzi cha makina oyera. Pansi pake anthu anali atalemba zambiri: kuti wolembayo analandira kangachepe, kuti munthu wokhuta zaulere sayerekeza katundu.

Mkaziyo atapita, amayi ananunkhiza kupserera. Simbi inali itadinda kolala ija.

Anakhala pampando, manja pamiyendo. Anayesa kupemphera koma analephera, chifukwa iwo ankadziwa chinthu chimene olalata pa tsamba aja sankachidziwa. Mwezi wathawu Mlembi anabwera ndi makina otere atatu m'chikwama, atsopano, onse oyera, opanda lisiti. Anawaika pa shelefu osanena kanthu. Amayi mtima sunakhale m'malo. Munthu wa malipiro ochepa akayamba kubwera ndi zinthu zitatuzitatu, ndiye kuti pali amene akumusisita. Ndipo nyumba imodzi, mkono wokalamba umodzi, makina atatu a chiyani? Lachiwiri, tsiku limene amayi a mpingo amazonda odwala, anatenga awiri. Ena anasiyira mayi wamasiye wosatha kuyenda, ena mlonda wopuma ntchito wotupa miyendo. Anasunga a manambala akuluakulu, poti maso awo anayamba kale kuchita nkhungu. Madzulo atamuuza, mwanayo anangowerama n'kupita kukateleka tiyi. Iwo anati ndi manyazi, ndipo anathokoza Mulungu kuti chikumbumtima chake chikadalipo.

Kuyambira pamenepo Mlembi ankawayeza amayi ake m'mawa uliwonse. Ankayamba wafunditsa lamba wa makinawo m'manja kuti asawazizire pamkono, kenako n'kulemba manambala m'kope lofiira. Manambalawo ankatuluka abwino tsiku ndi tsiku. Nanga akanatuluka otani, poti iwo sanadwalepo matenda amenewa?

Tsiku limene mkazi wa telala anabweralo, Mlembi anafika masana, nthawi imene safikapo, atanyamula katoni. Munali kapu yake ya kuntchito, juzi, ndi mapepala. Anati amuuza kuti ayambe wapuma kaye kufikira nkhaniyo itafufuzidwa. Anaona bulauzi yopserera ija, naipinda mobisa chipseracho, n'kutenga simbi kuyamba kusita diresi ya amayi ake.

Amayi anamuyang'ana kumsana nthawi yaitali.

"Mwanawe, ndinakulera ndi maondo awa, ndikukupempherera. Ndiuze ine ndisanamve kwa anthu. Kupatula makina aja, anakupatsanso chiyani?"

Mlembi sanatembenuke. Anati palibe amene anamupatsa kanthu. Mkonzi wa kuntchito kwake ankafuna nkhaniyo pofika Lachisanu, ndipo ankakonda kunena kuti owerenga pa foni safuna kuganiza, amafuna chinthu chimodzi, chithunzi chimodzi ndi kogula. Iye anavomera, nalemba za makina amodzi osanena kuti sanawayerekeze ndi ena alionse. Cholakwa chimenecho chinali chake, ndipo sankachikana.

Amayi sanakhutire. Anati kuvomera theka la tchimo n'kubisa theka linalo. Anamuuza kuti azimitse simbiyo, apite onse kuchipatala, akaimirire pafupi ndi bedi la telala n'kunena zonse, ndi za mphatso zomwe. Ngati bamboyo sadzagwiranso sizasi, banja lake lidziweko chimene chinamugwetsa.

"Tipita, amayi," anatero Mlembi. "Dikirani ndimalize mkono uwu."

Kunja kunkazizira. Amayi anawerama kuti amutengere juzi m'katoni muja, ndipo kope lofiira lija linagwera pansi litatseguka. Analitola n'kulitalikitsa kumaso kuti aone bwino. Tsambalo linali logawidwa patatu ndi rula. Pamwamba pa gawo lililonse panali dzina la kampani, mayina atatu osiyana. Gawo lapakati linali lodzaza ndi manambala a mkono wawo. Awiri enawo anali oyera kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Sizinali mphatso, amayi," anatero Mlembi, maso ali pa diresi. "Ndinachita kubwereka kuti ndiwayerekeze. Koma Lachiwiri lija munabwera mukuimba, ndiye ndinalephera kukutumani kuti mukalande kwa odwala."

Amayi anagwira ngodya ya tebulo n'kutsikira pansi pang'onopang'ono, kope lili pachifuwa. Iwo amene ankapemphera chamumtima moyo wawo wonse analankhula mokweza, mpaka mawu anamveka panja.

"Ndinasankha ndine, mwanawe, ndinangoona manambala akuluakulu. Undikhululukire. Mundikhululukire, Ambuye."