Chonga Pamenepo, Effie

Cholembera cha Effie chinaima pa funso lachisanu.

Chaka ndi chaka pepala la mafunso limeneli linkabwera kwa Mayi Hollis a ku Woolwich, gogo wachizungu amene Effie ankawasambitsa ndi kuwadyetsa. Anthu ofufuza maganizo a dziko ankafunsa zomwezomwezo, ngati ogontha. Manja a gogo ankanjenjemera, ndiye wochonga anali Effie.

"Anthu ochokera kunja achuluke, akhale momwemo, kapena achepetsedwe?"

Mu 2004 gogo anati achuluke. Paja Effie anali atangowapoletsa zilonda za kumsana. Mu 2006 anati akhale momwemo. Tsikuli anayamba ayang'ana kaye TV, ngati yankho analisungitsa mmenemo.

"Achepetsedwe kwambiri. Osati iwe ayi, mwanawe. Ndikunena enawo."

"Enawo ndi ati, mayi? Amene sanakusambitsenipo?"

Gogo anaseka mpaka mano oikirira anagwedera. Effie sanaseke. Chitupa chake chokhalira m'dzikomo chinali choti chitha mu Okutobala, ndipo anzake ankati aboma amanunkhiza mayankho amenewa asanakhwimitse malamulo ku ofesi ya zitupa za alendo ku Croydon.

Effie anaganiza zochonga bokosi lina, poti gogo maso ndi dzina chabe. Koma abale inu, kabokosi kamodzi kangatani, pamene onena zoti achepetsedwe ankangokwera chaka chilichonse ngati mitengo ya zinthu?

Anachonga chimene anauzidwa. Envelopu anainyambita yekha.

"Ukaponye popita kukakwera basi," anatero Mayi Hollis, akumusisita dzanja. "Ine ndikanatani popanda iwe?"