Ayezi M'chipewa

"Ikani m'chipewa, alamu," anatero dalaivala wa lole, akupatsa mlamu wake kathumba ka ayezi. "Dzuwali likakutenthetsani mutu, anamwino a pachipata cha m'malirewa ati muli ndi mliri uja. Masabata atatu m'tenti! Ukwati wa mwana wanu mudzangoumvera kwa anthu."

Mlamuyo sankadwala chilichonse, koma mantha anamugwira. Anaima pamzere ola lathunthu ayezi ali pamutu, madzi akutsikira m'makutu.

Atafika kutsogolo, namwino anamuloza pachipumi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Anakagwedeza, n'kuyezanso.

"Bambo, mwayenda nokha kapena akunyamulani?"

"Ndayenda ndekha, mayi."

"Zodabwitsa. Kakunena kuti munamwalira dzulo."

Mlamuyo anati aseke, koma m'mphuno munayabwa. "Etsiii!" Mzere wonse unabalalika, wina mpaka kusiya nsapato.

"Kutenti!" anakuwa namwino.

Dalaivala uja, yemwe anawauka padzuwa wopanda chipewa, anayezedwa n'kudutsa bwinobwino. Ali kutsidya anatembenuka.

"Musadandaule, alamu! Pampando wanu ku ukwati ndikakhalapo ine. Chipewacho mundibwereke, dzuwa lanyanya kuno!"