Nyali ya Layla ndi Boti la ku Mbenji

"Mkazi sakwera boti ili. Ndanena."

A Enock, mwini boti, anakhala pafupi ndi injini atapinda manja. Atsikana a kampu ya sayansi anaima m'madzi ofika m'mawondo, aliyense atanyamula chimene anapanga pa tchuthi chonsechi. Wina sefa ya madzi, wina kawayilesi. Layla anakumbatira nyali yake ya sola ngati mwana wodwala.

Nyaliyo anailumikiza yekha. Batire yakale ya njinga yamoto, mawaya otola, zala zopsa. Inkayaka mpaka kucha, yokwanira kuitana nsomba popanda dontho la parafini.

Bambo ake, a Kamal, anali ku chilumba cha Mbenji chitsegulireni nyengo ya utaka. Pochoka anasiya mawu: Sitandade 8 yatha, sukulu yathanso, mwana akathandize mayi ake kuyanika nsomba. Atamva za nyaliyo pafoni anaseka. "Ndiione ndi maso anga ikuyaka m'manja mwako, ndiye tikambe za sekondale." Sekondale imatsegulira Seputembala. Iwo kumtunda amabwera Disembala.

Mwana aliyense wa kunyanja amadziwa kuti mkazi saponda Mbenji. Layla ananena zimenezi tsiku loyamba lomwe. Koma Madamu Lilian, mkulu wa kampuyo, wochokera ku Lilongwe, anamusisita tsaya. "Ndakambirana kale ndi akuluakulu. Chaka chino mukaonetsa asodzi ntchito zanu pachilumba pomwepo."

Ndiye lero ndi izi.

"Bambo, ana awa ndi asayansi!" anakuwa Madamu.

"Kaya ndi madokotala, kaya amauluka ndi ndege. Mukufuna nyanja itikwiyire tonse chifukwa cha mawaya?"

"Manyazi mulibe? Inu simunabereke mwana wamkazi?"

"Ndinabereka, mayi. Ali kwawo, akusinja."

Amayi oyanika nsomba anasiya ntchito n'kuyandikira. Madamu anavula nsapato zawo zodula, nalowa m'madzi, nagwira m'mphepete mwa boti ndi manja awiri. Atsikana sanaonepo munthu wamkulu akuwamenyera nkhondo chonchi. Mmodzi anayamba kulira, enawo n'kutsatira. Prince, wojambula wa kampuyo, ankazungulira ndi kamera yake.

Layla anagwada m'madzi momwemo, nyali ataikweza pamutu kuti isanyowe.

"Agogo, chonde. Nditengeni ndekha. Sindikatsika, wallahi. Ndikangoiyatsa ndili m'boti, bambo akaione ali pachilumba. Mwambo sitiphwanya."

A Enock anakanda chibwano. Anayang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumbali.

"Ayi."

"Agogo!"

"Ndati ayi. Dzuka, uzizidwa."

Mphepo ya mwera inkawomba masiketi onyowa. Madamu anatuluka m'madzi akupukuta maso. "Tiyeni, ana anga. Dziko lino ndi la amuna, koma tsiku lina lidzasintha." Anawalondolera ku minibasi, mmodzimmodzi, ngati anthu ochokera kumanda.

Layla sanatsatire. Anakakhala kuseri kwa bwato lovundikira kuti anzake asamuone nkhope. Kodi akawauza chiyani mayi ake? Kuti nyali ikuyaka, koma palibe woiona? Ankamvera chisoni ngakhale Madamu, munthu wabwino chotere kunyozedwa pamaso pa gulu chifukwa cha ana a eni.

Posakhalitsa anamva mapazi pamchenga. Anali Madamu, akubwerera kudzatenga nsapato, Prince ali pambuyo pawo. Sanamuone.

"Prince, wogwada m'madzi uja wamutenga bwino? Otithandiza akunja aja amakonda zoterezi."

Kenako anatembenukira kwa a Enock kuboti, akuseka.

"Amalume, inunso mumafuna kumukweza? Musamafewe choncho. Chaka chatha munakalipa bwino kuposa lero."