Chitseko Chinasiya Kulira

Nkhaniyi anandiuza ndi wometa wina, lumo lili pakhosi panga, choncho sindinamutsutse.

Akuti mkulu wina, makaniko wopuma ntchito, ankanyoza nyimbo zimene mwana wake wamkazi ankapanga pa kompyuta. Mtsikanayo ankajambula kulira kwa zinthu za m'nyumba n'kumakulumikiza mpaka kuvinike.

"Gitala mulibe, woimba mulibe," mkuluyo ankatero. "Nyimbo yake iti?"

Koma atamva kuti a wailesi akonda kachidutswa kena ndipo akufuna nyimbo yonse Loweruka, mtima unafewa. Mwana atapita kuntchito, iye anatulutsa zitsulo zake kuti pojambula pasakhale chosokoneza. Anamanga mpopi wodontha, n'kuthira oyilo chitseko cha kubafa chimene chinkalira ngati kamwana ka mbuzi.

Mtsikanayo atabwerako anaimika mayikolofoni pachitseko chija, n'kuchikankha. Zii. Anakankhanso. Zii.

"Wamva?" anatero mkuluyo, akupukuta manja monyadira. "Ngati chatsopano."

"Adadi, mwandiphera woimba wanga. Nyimbo yonse amatsogolera ndi ameneyu."

Mkuluyo anapukuta oyilo uja, anathirapo ndi mchenga womwe, koma ntchito inali itagwiridwa ndi mmisiri: chitseko sichinalirenso. Pamapeto pake anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mayikolofoni.

"Chinkayamba chonchi?" Anatsina mphuno n'kulira.

"Kwezani pang'ono, adadi. Pothera muzinjenjemera."

Wometayo amalumbira kuti amene anamveka pa wailesi ndi mkuluyo. Ine nyimboyo ndinaimva, ndipo ndikukayika. Munthu sangalire mokoma chonchija. Chinali chitseko ndithu.