Alendo Osesa m'Nyumba ya Agogo

Agogo anamuchenjeza mdzukulu wawo tsiku limene ankalongedza chikwama chopitira kuyunivesite. "Ukafika kusukuluko usamakwere galimoto za anthu osawadziwa. Foni usamaike m'thumba la kumbuyo. Ndipo ukamva kuti basi ya ongofika kumene ikubwera kudera kwathu kuno, udwale mutu. Usabwere. Wamva?"

Mdzukuluyo anati wamva. Ana a masiku ano amamva ndi pakamwa pokha.

Yunivesite imeneyo ili ndi mwambo wake. Sabata yoyamba, ophunzira atsopano asanatsegule n'komwe buku, amawaveka malaya ofanana n'kuwatumiza m'madera a mumzinda kukasesa, kuchapa ndi kutungira madzi okalamba. Akuti mwana audziwe mzinda umene wafikamo. Mtsikanayu ankaudziwa kale mzindawo, mpaka ngalande zake zonse. Koma anzake ogona nawo chipinda chimodzi anali atawauza kuti kwawo ndi kumayadi, nyumba ya mpanda, agalu awiri. Kukana ulendo kukanadzutsa mafunso. Anakwera basi akudzilimbitsa mtima kuti nyumba n'zambiri, singamugwere yawo yomwe.

Inamugwera yomweyo.

Asanatsike anavala masiki yotchinga fumbi imene anawagawira, n'kukokera chipewa mpaka pansidze. Anadutsa pampopi, amayi amene ankamubereka ali khanda osamuzindikira. Analowa m'kanjira kawo ali pambuyo pa anzake atatu.

Agogo anali pampando wawo pafupi ndi chitseko, manja ali pamiyendo.

"Odi kuno, gogo! Tabwera kudzakuthandizani ntchito," anatero mtsogoleri wa gululo, mnyamata wamtali amene anayamba sukulu kale.

"Lowani, ana anga. Samalani mutu, chitsekocho n'chachifupi. Iwe wa nsapato zolirawe, usaponde waya wa magetsi, umagwira umenewo. Ndipo chilichonse mwanyamula mubwezere pomwe chinali."

Analowa. Chipinda chimodzi, bedi limodzi, katani pakati. Mnzake wa magalasi, mmodzi wa ogona nawo chipinda aja, anamugwira mkono n'kunong'ona, "Mayo ine, munthu n'kumagona muno? Ine tsiku limodzi lomwe nditha kufa." Ena anaseka chapansipansi. Mtsikanayo anagwedeza mapewa ngati akuseka nawo. Bedi ankalilozalo n'limene anagonapo kuyambira mayi ake atamwalira.

"Tsache lili kuti?" anafunsa mtsogoleri.

Dzanja la mtsikanayo linali litapita kale kuseri kwa katani. Analibweza msanga, n'kudikira kuti agogo anene.

Apo agogo anatembenuka n'kumuyang'ana kumaso kwenikweni. "Atatu ndawamva. Nanga uyu wosayankhulayu ndi mwana wa yani?"

"Ndi wamanyazi, gogo," anayankha wa magalasi. "Wa kumayadi ameneyu. Tsache akuligwira koyamba lero."

"Ooh, wa kumayadi." Nkhope ya agogo sinasinthe ngakhale pang'ono. "Mupatseni ntchito yopepuka. Angatuluke matuza, makolo ake angatimangitse."

Onse anaseka. Andizindikira, anatero mtsikanayo mumtima. Munthu amene anakusambitsa uli wakhanda sungamubisalire ndi kansalu ka pamphuno. Andiona, amva bodza langa, ndipo asankha kundisungira ulemu pamaso pa anzanga. Bola akanandimenya mbama. Bola akanakuwa kuti, iwe, vula chimenecho undipatse moni! Koma ayi, anangokhala duu pampando pawo, akuchenjeza ana a eni za misomali ya pawindo.

Anasesa mutu uli pansi. Anzake anagwira ntchito ndi mtima wonse, ana abwino ndithu, koma ana samva. Anati chipinda chikuoneka chothina, n'kukokera tebulo pakati. Ndowa ya madzi anaichotsa pakona n'kuiika pafupi ndi bedi kuti agogo asamavutike. Mbaula anaisunthira kuwindo. Kenako anajambulitsa onse pakhomo, mtsikanayo ali kumapeto, masiki ili pamphuno.

"Muyende bwino, ana anga. Podutsa pamsewu waukulu muyang'ane kawiri. Nawenso wa kumayadi, zikomo."

Mawu amenewo anamutsatira mpaka pabasi. Phazi limodzi lili kale pakhomo la basi, anauza mtsogoleri kuti waiwala magolovesi, n'kubwerera chothamanga. M'njira ankakonza mawu: gogo, ndalakwa, ndinachita manyazi, sindidzachitanso. Anavula masiki ndi chipewa, n'kugwada pakhomo.

Asanatsegule pakamwa, anayang'ana m'kati. Agogo anali chiimire pakati pa chipinda, ndowa itagubuduka, madzi akuyenderera kumapazi kwawo. Anatembenukira kukhomo, maso awo ali pa iye.

"Ndani? Mmodzi wa ana aja?"

Mtsikanayo anaweramitsa mutu. Chilango changa chikupitirira, anaganiza, ndipo n'choyenera.

"Wandipeza, mwana wa eni," anatero agogo motsitsa mawu, dzanja likupapasa m'malere kufuna khoma. "Kusukulu kwanuko kuli mdzukulu wanga, wayamba chaka chino. Chonde izi zisakam'fike. Maso angawa anazima chaka chatha, ndimangoona chifunga, ndipo iye sanadziwe. Akangomva, asiya sukulu kuti adzandisunge."

Kumsewu basi inali kuliza hutala. Mtsikanayo sanadzuke.