Makilomita a Kamphepo

Mayi wa ziwerengero atatsekula kompyuta, m'chipinda chovalira munati zii. Osewera mpira makumi awiri anakhala pa mabenchi, thukuta lisanaume. Mmodzi amayenera kuchotsedwa m'timu tsikulo.

Kale mphunzitsi ankamuyang'ana munthu m'maso n'kumuuza kuti mpira wakuthera. Masiku ano akuluakulu amabisala kuseri kwa kachipangizo kangati bokosi la machesi. Amakalowetsa m'kathumba ka kumsana kwa malaya, ndipo kamawerenga mtunda umene mwini wake wathamanga. Kale ankachotsa anthu mwankhanza, koma nkhanzayo inali ndi nkhope.

Maso onse anali pa Chikwanje, wotchinga kumbuyo wa zaka 36, wa bondo lolira ngati chitseko chakale.

"Madala, mukatisungire malo kogulitsa matikiti," anatero goloboyi. Anzake anafa nacho chikhakhali.

Chikwanje anangowerama. Mng'ono wake Kamphepo, wosewera m'mbali amene sankagwirika akanyamuka, anamugwira phewa.

"Musadandaule, achimwene. Ana anu ndi anga. Sagona ndi njala ine ndikusewera."

Mayi uja anawerenga ngati akulengeza zanyengo.

"Pa masewero khumi apitawa, wothamanga kwambiri amakwanitsa makilomita khumi ndi imodzi pa masewero amodzi. Wotsalira, asanu ndi imodzi. Ngakhale wokweza mbendera amaposa pamenepa."

"Mutchuleni, mayi, tikasambe!" anakuwa goloboyi uja.

"Kamphepo. Malaya usiye pakhomo."

Kamphepo anaseka, kudikira kuti ena aseke naye. Palibe anaseka. Anayang'ana mphunzitsi, munthu amene ankamuona ndi maso ake Loweruka lililonse akung'amba bwalo. Mphunzitsiyo anapeza chochititsa chidwi kudenga.

"Achimwene, auzeni! Inu mumakhala kumbuyo kwanga, mumandiona!"

Chikwanje anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Mphwanga, makina alibe m'bale. Ukadalimbikira."

Mnyamatayo anavula malaya, n'kuwapinda bwinobwino. Ali pakhomo anatembenuka, maso ali psuu.

"Bola inu mwatsala, achimwene. Kunyumba kudya kulipo."

Chikwanje anavomera ndi mutu. Masewero khumi onsewo iye ndiye ankayamba kufika m'chipindamo, malaya ali pa misomali, muli iye yekha. Kusinthanitsa tizipangizo tiwiri sikutenga ngakhale mphindi imodzi.